Akapha munthu pamsewu, bokosi la maliro silitseka mlandu

ULÓNGUÈ — Dalaivala amene wapha munthu pamsewu kaamba ka liwiro, mowa kapena kupitirira galimoto inzake pamalo osayenera, ayenera kukhala kundende kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka zitatu, ndi kulipira chindapusa pamwamba pake. Ngati dalaivalayo alibe mbiri yoyendetsa mosasamala, chilangocho chimatsika kufika pa miyezi 6 mpaka zaka ziwiri. Umu ndi mmene likunenera lamulo la pamsewu la dziko la Moçambique, Código da Estrada, limene boma linatulutsa pa 23 Malichi 2011.

Anthu ambiri a m'boma la Angónia amamva za zaka zimenezi koyamba atakhala pabenchi m'khoti la pa Ulónguè, m'bale wawo ali kale kumanda. Amatuluka m'khotimo akupukusa mitu. Munthu wapita ulendo wosabwerera, ana atsala amasiye, dimba la mbatata lasowa wolithirira, koma wopalamulayo akumuwerengera miyezi. Nthawi zina ndende yeniyeniyo sailowa n'komwe. Tsono funso limene limamveka panja pa khoti ndi limodzi: kodi moyo wa munthu watchipa chotere?

Funsoli ndi lomveka, ndipo palibe angawadzudzule ofedwa polifunsa. Koma pali chinthu chimene mabanja ambiri amachizindikira madzi atafika kale m'khosi. Woweruza sayeza kukula kwa chisoni. Amayeza kukula kwa kusasamala kwa dalaivala, ndipo muyeso wake ndi umboni umene unatoledwa pamsewu tsiku la ngozi. Pamene banja lili kalikiliki ndi maliro, kulandira bokosi ndi matumba a chimanga kuchokera kwa mwini galimoto, umboni uja umakhala ukufufutika.

Msewu umodzi, eni ake ambiri

Msewu waukulu wa Angónia ndi N304. Umapatuka pa N7 pa Mussacama, n'kukwera mapiri kudutsa m'dera la Tsangano, kufika pa Ulónguè, mpaka kukathera pachipata cha Calómuè, pamene tsidya linalo ndi Dedza. Malole ochokera kudoko la Beira opita ku Lilongwe amadzera momwemu atanyamula mafuta, feteleza ndi katundu wina wolemera. Pamsewu womwewo pamayenda ma chapa odzaza anthu mpaka pakhomo, njinga zamoto zokweza anthu atatuatatu, njinga zakapalasa zosenza matumba a mbatata ya kachewere imene ambiri amangoti batata-reno, ngolo za ng'ombe zopanda nyale, ndi ana opita kusukulu. Nthawi yokolola misika imasefukira mpaka paphula penipeni. Mayi wogulitsa kabichi amayala katundu wake masitepe awiri okha kuchokera pamene matayala a lole amadutsa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, m'mawa kumagwa nkhungu yoti munthu sangaone ng'ombe ili poteropo.

Chakum'mawa kuli msewu wina umene si wa Moçambique koma anthu a kuno amauyenda ngati wawo. Umenewu ndi M1 wa dziko la Malawi, umene pakati pa Dedza ndi Ntcheu umatsata malire enieni, kotero kuti pa Lizulu munthu akawoloka msewu ndiye kuti wawoloka dziko. Alimi a ku Angónia ndi Tsangano amagulitsira matimati ndi mbatata pamenepo. Wogundidwa pa M1, mlandu wake umapita kwa apolisi ndi makhoti a Malawi, pansi pa lamulo lawo la pamsewu la 1997, ngakhale maliro akalirikire tsidya lino.

Lamulo la Moçambique limati m'malo okhala anthu galimoto isapitirire makilomita 60 pa ola. Amene amayenda pa N304 akudziwa mmene lamuloli limasungidwira. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Ndiye kuti dalaivala akaona mwana akuwoloka, phazi lisanafike n'komwe pa buleki, wadutsa kale nyumba zitatu kapena zinayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, limati woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, mpata woti amwalire ndi wochuluka kanayi ndi theka kuposa atagundidwa pa makilomita 50. Bungwe lomweli linawerengera kuti mu 2021 anthu 1.19 miliyoni anafa pamisewu ya dziko lapansi, ndipo 19 mwa 100 alionse anali a m'chigawo cha Africa, chimene chili ndi magalimoto atatu okha mwa 100 alionse a padziko.

Kupha mwadala ndi kupha mosasamala

Malamulo a milandu amasiyanitsa anthu awiri. Woyamba ndi amene wapha mnzake akufuna, ndipo ameneyu chilango chake ndi zaka 16 mpaka 20, kapena kuposera apo ngati anachita mwankhanza kapena mokonzekera. Wachiwiri ndi amene wapha munthu asakufuna, koma chifukwa cha kusasamala, kusadziwa ntchito kapena kuphwanya malamulo. Mlandu wachiwiriwu pa Chipwitikizi umatchedwa homicídio involuntário. Lamulo la milandu la Apwitikizi la 1886, limene linapitiriza kugwira ntchito ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1975, linkapereka mwezi umodzi mpaka zaka ziwiri ndi chindapusa pa mlandu wotere. Lamulo la 2014 limene linalowa m'malo mwake linasunga chilango chomwecho. Mu 2019 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lina la milandu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo kusiyanitsa kuja kudakalipo.

Ganizo la olemba malamulowa silovuta kulimvetsa. Madalaivala awiri angalakwitse chimodzimodzi pa kona imodzi, tsiku limodzi. Woyamba wapeza msewu uli see, wafika kwawo, wadya nsima. Wachiwiri wapeza njinga. Kulakwa kwawo n'kofanana, chasiyana ndi tsoka. N'chifukwa chake lamulo silimuika wachiwiriyo m'gulu limodzi ndi chigawenga chonyamula chikwanje.

Koma mfundo imeneyi ili ndi malire ake. Munthu amene wakhala pa kachasu kuyambira masana, kenaka n'kukweza anthu 20 m'chapa dzuwa litalowa, sanganene kuti wagwa m'tsoka. Tsokalo analiitana yekha. Apa ndi pamene Código da Estrada, m'ndime 153, imabweretsa mawu akuti culpa grave, kutanthauza kulakwa kwakukulu. Ndimeyi imaloza malamulo amene dalaivala akawaphwanya, munthu n'kufa, kulakwa kwake kumawerengedwa kuti n'kwakukulu. Mwa ena ndi a liwiro, a kupitirira galimoto ina, a kupereka mpata pamphambano, ndi a mowa. Pa za mowa lamulo limati dalaivala amene mpweya wake waonetsa mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi ndiye kuti waledzera. Kwa woyendetsa chapa, basi kapena lole ya katundu woopsa monga mafuta, muyeso wake ndi ziro. Ngakhale botolo limodzi silololedwa.

Choncho m'khoti mkangano weniweni sukhala woti munthu wafa kapena ayi. Zimenezo aliyense akudziwa. Mkangano umakhala woti dalaivala ankathamanga bwanji, anali mbali iti ya msewu, anamwa kapena sanamwe, ndipo malemuyo ankayenda pati.

Mbiri ya dalaivala ndi nkhani ya refresco

Pali mawu ena m'ndime 153 amene ambiri sawalabadira. Chilango chachikulu chija, chaka chimodzi mpaka zitatu, chimatsika ngati dalaivala sali munthu wozolowera kuyendetsa mosasamala. Tsono woweruza angadziwe bwanji chizolowezi cha munthu amene akumuona koyamba? Amadalira zolembedwa: zindapusa zimene dalaivalayo analipitsidwapo, milandu imene anapezeka nayo, nthawi zimene analandidwapo chiphaso choyendetsera, chimene anthu amangoti carta.

Pamenepa ndi pamene kandalama kakang'ono ka pamsewu kamaonetsa kuipa kwake konse. Mawu akuti refresco aliyense woyenda m'misewu ya Moçambique amawadziwa, ndipo amadziwanso kuti sakunena za chakumwa. Dalaivala akagwidwa akuthamanga kapena atadzaza anthu mopitirira muyeso, n'kupereka refresco m'malo molemberedwa chindapusa, cholakwa chake sichilembedwa paliponse. Angachite zimenezi kakhumi, kamakumi awiri. Tsiku limene adzaphe munthu adzaima pamaso pa woweruza ndi pepala loyera ngati la mwana wobadwa dzulo. Anthu a pamsika amamudziwa kuti uyu ndi uja amadutsa ngati mphepo. Koma zimene amadziwa a pamsika sizilowa m'faelo ngati palibe wolimba mtima wokazinena m'khoti. Okwera amene amakondwa kuti dalaivala wawo wathana nazo msanga pa lodibuloko, ulendo n'kupitirira, sadziwa kuti athandiza kupeputsa chilango cha mlandu umene sunachitike.

Maola oyambirira

Ngozi ikachitika, apolisi a pamsewu, Polícia de Trânsito, ndiwo amayenera kufika pamalopo. Ntchito yawo ndi kuyeza pamene matayala anakhukhuluza phula, kujambula papepala pamene galimoto inaima ndi pamene munthu anagwera, kumuyeza dalaivala mowa, ndi kulemba mayina a mboni. Mapepala amenewa ndiwo amapita kwa Procurador, loya wa boma amene amatengera mlandu kukhoti. Ofufuza milandu a SERNIC, nthambi imene inakhazikitsidwa mu 2017 m'malo mwa PIC, nawonso angalowererepo.

Zimenezi n'zosavuta ngozi ikachitikira pafupi ndi tauni. Koma Angónia ndi wamkulu. Kumidzi ya ku Dómuè kapena m'misewu yafumbi yopita kuminda ya fodya, pofika apolisi maola amakhala atapita. Magalimoto ena apondaponda kale zizindikiro. Mvula ikagwa, zonse zakokoloka. Anthu, mwaulemu wawo, anyamula thupi n'kuliika pamthunzi, alifunditsa chitenje, njinga yophwanyika aikokera pambali. Palibe cholakwika m'mitima yawo, komatu pamene thupi ndi njinga zinagwera ndi pamene pakananena mbali imene galimoto inali. Mowa nawo sudikira. Ola lililonse umachepa m'thupi, ndipo dalaivala amene wayezedwa m'mawa mwake angapezeke alibe kanthu. Masiku ano pafupifupi pamsika uliwonse pali wina wa foni yojambula. Zithunzi ziwiri zitatu za malowo, zojambulidwa zinthu zisanasunthidwe, ndi nambala ya galimoto, zingathandize kuposa mboni khumi zokumbukira mosiyanasiyana.

Kenaka pali mkwiyo. Anthu akaona magazi a mnzawo, ena amatola miyala, ena amafuna machesi. Galimoto ikatenthedwa, mabuleki ndi matayala amene akanaonetsa kuti inali yosayenera kuyenda pamsewu amapsera momwemo, ndipo anyamata a m'mudzi amadzitengera mlandu wawo wina. Mantha a chipwirikiti chotere ndiwonso amapatsa madalaivala chifukwa chothawira. Lamulo limati kusiya munthu wovulala pamsewu osamuthandiza ndi mlandu wapadera, umene umawonjezera pa woyamba uja. Dalaivala amene akuopadi kuphedwa, njira yake ndi kulunjika kupolisi yapafupi n'kukanena zonse, osati kukabisala kwa achibale.

Wovulala kwambiri amathamangira naye ku Hospital Rural ya pa Ulónguè. Zikakanika amamutumiza kuchipatala chachikulu cha ku Tete, mtunda wopitirira makilomita 200. Mabanja a m'malire amaona chapafupi kupita ku Dedza kapena ku Ntcheu. Ena amatulutsidwa m'chipatala, n'kukamwalirira kunyumba patapita sabata. Mwambo umafuna kuti maliro asagonere masiku ambiri, ndipo anthu amaika. Koma ngati palibe pepala la dokotala lonena kuti imfayo yachokera pa mabala a ngozi ija, m'faelo ya khoti munthuyo amakhalabe wovulala chabe, ndipo loya wa dalaivala sadzalephera kufunsa ngati malemuyo sanali kudwala kale. Pepala la chipatala cha ku Malawi, lolembedwa m'Chingerezi, liyenera kusungidwa bwino ndi kuperekedwa kwa Procurador.

Khoti limayankhula Chipwitikizi. Mboni imene sichidziwa ili ndi ufulu wopatsidwa womasulira, ndipo palibe chamanyazi kupempha kuti funso libwerezedwe m'Chinyanja. Agogo amene amangogwedeza mutu mwaulemu pa funso limene sanalimve angavomereze kuti malemu anawoloka osayang'ana, pamene iwo anaona zosiyana.

Nthumwi ya mwini galimoto

Tsiku lotsatira ngozi, pasiwa pamafika alendo. Kawirikawiri mwini galimoto sabwera yekha. Amatuma munthu wachikulire wodziwa kuyankhula, amene amayamba waonekera kwa amfumu, kenaka kwa mwini mbumba. Amakhala pansi, amavula chipewa, amapepesa kwa amalume ndi kwa mayi wamasiye. Amabweretsa bokosi, matumba a chimanga, shuga, nthawi zina galimoto yonyamula anthu kupita kumanda, ndi envelopu ya mametikali kapena makwacha. Mwambo umenewu si wonyozeka. Banja limene lagwidwa ndi maliro mwadzidzidzi, m'nkhokwe mulibe kanthu, limapumirapo. Ndipo mwini galimoto amene sanaonekere n'komwe pamaliro anthu samuiwala.

Vuto limabwera pamene thandizo la maliro lasanduka malipiro a mlandu. Nthumwi zina zimabwera ndi pepala lolembedwa m'Chipwitikizi lonena kuti banja lalandira zonse ndipo silidzafunanso kanthu. Amalume, pofuna mtendere ndi poopa kuoneka ngati akugulitsa maliro, amadinda chala.

Kumbali ya lamulo, imfa ya munthu si nkhani ya mabanja awiri okha. Ndi mlandu wa boma, crime público, ndipo Procurador ayenera kuupititsa patsogolo ngakhale ofedwa atanena kuti akhululuka. Amfumu alibe mphamvu youtseka. Makhoti a m'midzi, tribunais comunitários, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, ntchito yawo ndi mikangano ing'onoing'ono ya m'banja ndi ya pakati pa anansi. Sangaweruze imfa ndipo sangatumize munthu kundende. Komabe zimene zimachitika n'zakuti banja likangoti nkhani yatha, mboni nazo zimagwa ulesi. Ndani angasiye khasu nthawi ya dzinja, n'kulipira njinga yamoto kupita ku Ulónguè kawiri katatu, pa mlandu umene eni ake akuti anakambirana? Mlandu umafika pamaso pa woweruza utawonda, mawu a dalaivala okha ndiwo akumveka.

Pali chinanso chimene ofedwa ayenera kudziwa. Malamulo amalola woweruza kupeputsa chilango cha munthu amene mwa kufuna kwake wayesetsa kukonza zimene anawononga. Bokosi lija ndi matumba aja, amene kumudzi ankaoneka ngati chipepeso wamba, m'khoti amatchulidwa limodzilimodzi ngati mfundo zomuthandiza dalaivala. Palibe chinyengo pamenepa, ndi lamulo. Koma zikutanthauza kuti wopereka amadziwa mtengo wa chimene akupereka, pamene wolandira sadziwa.

Ndende, chindapusa kapena kulandidwa carta

Milandu imeneyi imaweruzidwa m'khoti la m'boma, ndipo wosakhutira angachite apilo kukhoti la chigawo ku Tete. Chiyambire lamulo la 2014, makhoti ali ndi mphamvu yosintha chilango chachifupi cha kundende kuti chikhale chindapusa kapena ntchito yothandiza anthu, makamaka kwa munthu amene sanapalamulepo. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti ndende za dziko lino zimasunga anthu ochuluka kuposa mmene zinamangidwira. Kwa dalaivala amene analakwitsa kamodzi, n'kuima, n'kunyamula wovulala kupita naye kuchipatala, chilango chotere chili ndi nzeru. Kwa woledzera amene anathawa, anthu sangamvetse, ndipo sakulakwa. Chindapusa chimene anthu ambiri amaganiza kuti chimapita kwa ofedwa, chimalowa m'thumba la boma.

Chilango chimene chimateteza anthu a pamsika kwenikweni ndi kumuchotsa munthuyo pa chiwongolero. Khoti lingamuletse kuyendetsa kwa nthawi yoikika, ndipo ziphaso zili m'manja mwa INATRO, bungwe limene linalowa m'malo mwa INATTER mu 2021. Koma ungamulande bwanji carta munthu amene sanakhalepo nayo? Si onse anyamata a njinga zamoto amene anapitako kusukulu yoyendetsa. Ndipo m'dera ngati lino, pamene maiko awiri onse amayendetsa kumanzere kwa msewu ndipo chiyankhulo n'chimodzi, woletsedwa tsidya lino angathe kukapeza ganyu tsidya linalo.

Za malire anthu a ku Tete anaziona pa 17 Novembala 2016 pa Caphiridzange, m'boma la Moatize, pamsewu wopita ku Zóbuè. Thanki ya petulo yochokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika anthu atauzungulira ndi zigubu. Anthu oposa 80 anataya miyoyo, ambiri a iwo atavutika ndi mabala amoto kuchipatala cha ku Tete, ndipo dziko linakhala pachisoni masiku atatu. Akuluakulu a boma ananena kuti dalaivala anapatuka pamsewu waukulu kuti agulitse mafutawo mwachinyengo, ndipo zitavuta anathawa. Sinali ngozi ya liwiro, koma inaonetsa kuti munthu wa pa chiwongolero angasowe m'kanthawi kochepa, mabanja n'kutsala akufunsa kuti agwire ndani. Pa 3 Julaye 2021 ku Maluana, m'boma la Manhiça pafupi ndi Maputo, anthu oposa 30 anafa pamene basi imene inkapitirira lole pamsewu wa N1 inawombana ndi magalimoto akuluakulu. Pamenepo anthu sanafunse za dalaivala yekha. Anafunsanso za eni basi.

Mlandu suwola, koma masiku amawerengedwa

Funso la eni galimoto ndilo lofunika kwambiri kwa mayi wamasiye. Woyendetsa chapa nthawi zambiri ndi munthu wosauka, wolembedwa ntchito, amene madzulo aliwonse ayenera kupereka kwa bwana ndalama yoikika, zotsala ndizo zake. Liwiro lake limachokera pamenepo: ulendo umodzi wowonjezera ndiwo ndiwo za ana ake. Ndende imagwira iye yekha. Koma lamulo lina, Código Civil ya 1966 imene Moçambique ikugwiritsabe ntchito, limafika mpaka kwa bwana. Ndime 503 imati amene ali ndi ulamuliro pa galimoto ndi kupindula nayo ayenera kulipira zowonongeka zochokera ku ngozi za galimotoyo, ngakhale ikhale m'manja mwa wantchito wake. Chiyambire 2003 galimoto iliyonse yoyenda m'misewu ya dziko lino iyenera kukhala ndi inshuwalansi, seguro, yolipira anthu ena amene yawavulaza kapena kuwapha. Magalimoto akunja nawo amagula seguro yotere pachipata polowa. Choncho lole ya nambala ya ku Malawi ikapha munthu pa N304, pepala la seguro limene linagulidwa pa Calómuè kapena pachipata china ndilo loyamba kulifunsa, dalaivala asanapite.

Chipukuta misozi chimene lamulo limanena si bokosi lokha. Muli ndalama za chipatala ndi za maliro. Muli chakudya ndi chisamaliro chimene malemu akanapereka kwa ana ndi ena amene ankadalira iye. Mulinso malipiro a chisoni chenichenicho. Banja lingapemphe zimenezi mkati mwa mlandu womwewo wa dalaivala, ndipo kudzera mwa loya lingakhale ndi mawu pa kayendetsedwe ka mlanduwo m'malo mongokhala pabenchi kumvetsera.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Kumudzi zimenezi n'zoona, mdzukulu angafunsidwe za mbuzi imene agogo ake anabwereka. Ku Código Civil mlandu umawola. Ndime 498 imapereka zaka zitatu kuchokera tsiku limene wodandaula anadziwa za ufulu wake, ngakhale nthawiyi imatalikirapo pamene cholakwacho chili mlandu umene boma lingauzenge kwa nthawi yaitali kuposa apo. Zaka zitatu zimaoneka zambiri. Koma chaka choyamba chimatha ndi kulira, kumeta ndi kugawa katundu, chachiwiri ndi kudikira mwini galimoto amene analonjeza kuti adzabweranso akagulitsa fodya.

Lamulo limatchulanso amene ayenera kulandira malipiro a chisoni. Ndime 496 imaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana. Ngati palibe, makolo. Abale ndi ana a abale amabwera pamapeto. M'midzi yambiri ya Angónia amene amayankhula pamaliro ndi kulandira envelopu ndi mwini mbumba, ndipo mayi wamasiye amakhala m'nyumba atafunda chitenje, osamva zimene zikukambidwa pabwalo. Amalume angayankhulire banja mwamwambo, koma pamaso pa khoti ndi a seguro, dzina limene limafunika ndi la mayiyo ndi ana ake. Apa ndi pamene mapepala amene anthu amawaona ngati osafunika amagwira ntchito: kalata ya imfa, makalata a kubadwa a ana osonyeza dzina la bambo wawo, nambala ya faelo ya kupolisi, malisiti a kuchipatala ndi a kalipentala wa bokosi.

Banja limene silingathe kulipira loya lingapite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu limene linakhazikitsidwa mu 1994, ndipo lili ndi nthambi m'zigawo zonse ndi m'maboma ambiri. Kumeneko amafunsa kalata yotsimikiza kuti munthu alibe chuma, atestado de pobreza, imene amalemba ndi akuluakulu a boma a m'dera limene munthuyo amakhala. Pepala lililonse limene nthumwi ya mwini galimoto yabweretsa pasiwa lingadikire mpaka wa ku IPAJ ataliwerenga ndi kulimasulira m'Chinyanja, mayi wamasiye ali pomwepo.